Zilembo Makumi Awiri ndi Chimodzi

Magetsi athima kachitatu lero.
Jenereta ikutsokomola kuseri kwa labu,
ine ndili pa kompyuta kuwerenga kalata ya mdani:
A, U, G, C,
zilembo zinayi zokha, zobwerezabwereza
mpaka kupitirira zikwi khumi.

Kalata imeneyi ndiyo inapinda Asiyatu,
wogulitsa nthochi pa siteji ya Chinamwali.
Anafika kuchipatala atawerama ngati wofuna ndalama yogwa,
mfundo zonse zikuyaka.
Anamuyeza malungo, sanawapeze.
Anamuyezanso.
Anamupatsa panado, nati kapumeni.
Neti anali nayo, yobiriwira, yopanda chibowo,
koma udzudzu uwu sudikira kuti kude.
Ndi uja wa miyendo yamawangamawanga,
woluma dzuwa lili paliwombo,
woswana m'tayala lakutha kuseri kwa galaja.

Bambo anga anali telala pakhonde la sitolo ku Mpondabwino,
choko kukhutu, tepi m'khosi.
Ankati: yeza kawiri,
kasanu ngati nsalu ndi ya eni,
sizasi sidziwa kupepesa.
Anamwalira akuganiza kuti ndinakana ntchito yawo.

M'selo iliyonse ya thupi muli sizasi kale,
tinabadwa nayo,
imangosowa woilozera podula.
Ine ndimasoka kachingwe ka RNA,
zilembo makumi awiri ndi chimodzi,
koti kakagwirane ndi mzere umodzi wa kalata ija
monga batani ndi chibowo chake.
Zikagwirana, sizasi imatseka pakamwa pomwepo,
uthenga nuduka pakati,
kachilombo n'kulephera kuswana.

Koma mzere uti?
Kachilomboka kamasintha kalembedwe
ngati wangongole wosintha njira ya kumsika.
Ndikufuna pamene sikangasinthe popanda kudzipha.
Ndiponso kachingwe kanga kasakakole mawu a thupi lenilenilo,
ndingadule uthenga wa chiwindi,
kuchiza bondo n'kupha mwini bondo.
Ndinayamba ndi zingwe makumi anayi.
Zatsala zitatu.

Tiyese, yemwe amadyetsa maselo athu m'timbale,
saopa kundifunsa.
Akuti: chabwino, tinene kuti kagwira ntchito m'mbale,
nanga m'bondo kakafika bwanji?
Magazi amadya RNA ngati chiswe pa mphasa.
Ndikuti tidzakakulunga m'kadontho ka mafuta.
Akuti mafutawo ali kuti?
Ali m'katoni ku Chileka, sabata yachisanu ino,
akudikira sitampa ya munthu amene anapita kumaliro.
Tiseka. Furiji ikulira, tonse titembenukira komweko.

Madzulo nkhungu yatsika ku Chawe,
yadya theka la phiri.
Likangala wadzaza, wafiira.
Minibasi inditsitsa pa Chinamwali.

Asiyatu anabwerera pamalo pake mwezi watha.
Amandidziwa, ndine uja ndinamupempha magazi
n'kumusayinitsa pepala lalitali.
Mwapeza, adokotala?
Sitinapeze, mayi. Tikuyeza.
Muziyeza, akutero, ife tilipo.
Ndipempha nthochi zinayi.
Agwira phava, ayesa kuthyola,
zala zikana.
Miyezi isanu ndi iwiri, zala zikukanabe.
Andipatsa phava lonse kuti ndithyole ndekha,
nayang'ana kumsewu ngati wamva hutala.
Ya basela mutengenso, akutero, osandiyang'ana.

Kunyumba ndigudubuza tayala la anansi,
madzi atayika ndi timphutsi take tovinavina.
Mwana wawo andiyang'ana ngati ndapenga.
Nditupa kale pachigongono, sindinamve n'komwe.

Lachisanu m'mawa Tiyese andiitana osakweza mawu.
M'kambale koyamba maselo afa, ayandama ngati madeya.
Kachitatu chimodzimodzi.
M'kachiwiri akadali chigwirire pansi,
athunthu, ogundana mapewa.
Ndichotsa diso pa makina, ndilibwezeranso.
Mwina ndi kachingwe.
Mwina Tiyese anaiwala kuthiramo kachilombo.
Iye akulumbira kuti anathira.

Ndilemba tsiku m'buku, ndi pensulo.
Yeza kasanu.
Nsaluyi ndi ya eni.